Kumene Malemu Ankadya

Amayi anavundukula poto uja, n'kumuvundikiranso msangamsanga ngati aonamo njoka.

Munali chiwindi cha ng'ombe chokazingira anyezi, chikusambira m'mafuta ofiira ndi tsabola. Fungo lake linali litafika kale pabalaza ponse, pamene achibale amene anali asanabwerere kwawo chiikireni maliro anali atakhala pamipando yobwereka. Ana amene ankasewera pakhonde anasiya masewera n'kuyamba kusuzumira pazenera.

Mayi amene anabweretsa potoyo anali atagwada chapakhomo, epuloni ikuonekera pansi pa nsalu yakuda. Amayi ankangomudziwa nkhope. Anali mwini wa kalesitanti ka makatani obiriwira, kuseri kwa msika.

"Pepani, mayi," anatero mwini lesitantiyo. "Tsiku loika ndinalipo, koma anthu anachuluka, sindinakufikireni. Ndiye ndati ndiphike chimene malemu ankachikonda, mulaweko ndi ana."

"Malemu ake ati?"

"Abambo. A Onjezerani."

"Mwasokera nyumba," anatero Amayi. "Amuna anga mafuta sankadya. Mchere sankadya. Adokotala analetsa kalekale."

Mayiyo anakweza maso n'kuyang'ana chithunzi cha pakhoma, cha bambo wa imvi, wovala tayi, wosamwetulira.

"Ndi omwewa," anatero motsitsa mawu. "Dzinalo tinawapatsa ndi ife. Mbale ikangotera patebulo, asanalawe n'komwe, ankati, 'Onjezerani pang'ono, mwana wanga.'"

Nesi, mwana wamkulu wa Amayi, amene ntchito yake yakuchipatala inasanduka dzina, anaika pansi thireyi ya makapu. Pakona panali mlongo wake wa malemu, amene nyumba yonse inkangomutchula kuti Azakhali potsatira ana. Iwo anatsonya mokweza kuti aliyense amve.

"Si ndinkanena ine?" anatero Azakhali. "Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kumamudyetsa masamba owiritsa ngati mbuzi. Mwamuna akamva njala pakhomo pake amakasaka kwina. Lero ndi anthu a kumsika amene akubwera kudzatiuza kuti mlongo wanga ankapemphetsa chakudya m'misewu, mkazi ali naye. Munamupha ndi njala, alamu. Ndinene, poti mwini wake anali wofatsa, sankanena."

Chichokereni tsiku limene adokotala anaitana Amayi ndi amuna awo n'kuwauza kuti magazi a bambowo akuthamanga kwambiri, shuga nayenso wakwera, Amayi anachotsa mchere m'nyumba ngati akuchotsa poizoni. Botolo la mafuta analipereka kwa aneba. Nyama ankaisenga mafuta onse n'kuiwiritsa mpaka iyere. Ndipo kuti bambo asamasirire mbale ya mnzawo, Amayi nawonso ankadya zomwezo, zozizira, chaka ndi chaka, mpaka lilime linaiwala ntchito yake. Paukwati wa mwana wa mchemwali wawo anakana nkhuku yokazinga anthu akuona. Adokotala ananenanso kuti wodwala aziyendayenda, choncho dzuwa likakwera bambowo ankatenga chipewa ndi ndodo n'kunena kuti akukawongola miyendo. Amayi ankatsala pakhonde akupalasa makina awo osokera, mtima uli m'malo, akunyadira kuti ali ndi mwamuna womvera. Pobwerera kowongola miyendo komweko ndi pamene bambowo anagwa pageti, pakamwa patapotoka, osadzukanso.

Amayi anadzuka, kulowa kuchipinda, n'kutuluka atavala nsapato.

"Mayi, mukupita kuti?" anafunsa Nesi.

"Kukawongola miyendo. Nyamula poto uyo, tikamubweze. Inunso, alamu, tiyeni."

"Ine?" anatero Azakhali. "Ine mapazi atupa. Komanso namfedwa kumayendayenda m'misewu, anthu ati chiyani?"

"Anthu mwawapatsa kale zonena. Mwati ndinamupha ndi njala. Tiyeni tikaione njalayo limodzi."

M'dera limenelo Amayi anakhalamo kuyambira Nesi ali kumbuyo, koma ankangodziwa njira ya kumsika, ya kutchalitchi ndi ya kusitolo ya ulusi. Kamsewu ka kuseri kwa msika ankangokadutsa pamphuno atatseka. Tsiku limeneli anakalowa. Kanali kopapatiza, kodzaza utsi wa makala ndi phokoso la mawailesi, ndipo pamakoma anajambulapo nkhuku zazikulu kuposa anthu ndi nsomba zomwetulira zili m'mbale. Mwini lesitanti ankayenda patsogolo ngati wogwidwa ndi apolisi. Azakhali ankatsalira m'mbuyo.

Mu lesitanti ya makatani obiriwira munali amakanika ndi makondakitala atawerama pambale zawo. Pabolodi analembapo ndi choko: msuzi wa mafupa, chiwindi, lilime la ng'ombe, mpunga wa nyemba. Mwini wake analoza tebulo la pafupi ndi khomo la kukhitchini.

"Ankakhala apa. Ankati pamenepa chakudya chimafika chikadali chamoto."

Amayi anapitikitsa chala papulasitiki ya patebulo, n'kuchiyang'ana. Chinkanyezimira.

"Munkadziwa kuti akudwala?"

"Ankatiuza okha. Mapiritsi awo ankamwera pompano, ndi msuzi wa mafupa."

Nesi anagwira pakamwa.

"Ndiye munthu akukuuzani kuti akudwala, inu n'kumaonjezera," anatero Amayi. Amakanika anasiya kutafuna. "Mukuthira mafuta, mukuthira mchere, mukumuseka n'kumupatsa dzina. Lero mwavala nsalu yakuda n'kundibweretsera mafuta omwewo kunyumba kwanga kuti ndidyetse ana ake."

"Mayi, ine ndimagulitsa chakudya, sindine chipatala," anayankha mwini lesitanti, maso ali pansi. "Komabe ndinayesa. Tsiku lina ndinawaphikira chawochawo, chopanda mchere. Analawa, kundiyang'ana, n'kunena kuti, 'Zoterezi ndili nazo kale kunyumba, zophikidwa bwino kuposa izi.' Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo ka mapiritsi. Munali mchere."

Kabotolo kameneko Amayi ankakadziwa. Pochapa jekete ankakatulutsa, ndipo akasita ankakabwezera m'thumba ndi manja awo, kuti bambo asaiwale mankhwala.

"Akachoka pano ankapita kuti?"

"Kwa a Mabanzi, kukatsitsira ndi tiyi."

Kwa a Mabanzi kunali kashopu kamodzi ka uvuni kumbuyo ndi mabenchi kutsogolo. M'kabati yagalasi munali makeke a kirimu ndi mabanzi owaza shuga pamwamba, njuchi zikuzungulira posaka polowera. Mwini wake, nkhalamba ya ufa m'nsidze, inawazindikira Amayi isanauzidwe, n'kupukuta manja paepuloni. Azibambo achikulire amene ankasewera makhadi ndi makapu a tiyi wamkaka pambali anadzuka n'kuvula zipewa.

"Tatayika, mayi," anatero mmodzi wa iwo, wa magalasi omanga ndi waya. "Chipitireni iwo, pano palibe amene akuseka. Anali munthu wa nthabwala. Akayamba kuyerekeza mayankhulidwe a adokotala awo, tiyi ankatitulukira m'mphuno. Nanga akayamba kuimba, ndi mawu a besi aja."

"Ankaimba?" anafunsa Nesi.

"Kuimba kwake, anthu mpaka kuima pamsewu."

Amayi anayang'ana benchi imene inali ndi malo opanda munthu pakati. Kunyumba bambowo ankayankhula ngati mawu amachita kugula. Ankadya mwakachetechete, kuthokoza, n'kukakhala ndi wailesi yawo. Amayi ankati ndi matenda amene anawafoola, ndipo ankauza ana kuti asamasokose.

"Ndipo inunso ankakuyerekezani bwino kwabasi," anapitiriza wa magalasi uja. Mnzake anamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ankandiyerekeza bwanji?"

"Aa, zinali zocheza chabe, mayi."

"Chitani ndione."

Bambo uja anayang'ana anzake, koma aliyense anali ataona chinthu chofunika kwambiri m'kapu yake. Ndiye anatenga supuni ya tiyi, kuikweza m'mwamba, kutsinzina diso limodzi, n'kunena ndi kamawu kakang'ono konjenjemera: "Bambo, adokotala anati chiyani?"

Palibe anaseka. Choipa kwambiri chinali chakuti anayerekeza ndendende. Ngakhale kupendeketsa mutu kunali kwa Amayi.

"Sankanyoza ayi," anatero a Mabanzi. "Ankakutamani kwambiri. Ankati pakadapanda inu bwenzi atapita kale."

"Ndakufunsani?" anatero Amayi. "Munthu wa shuga munkamugulitsa makeke a kirimu, ndiye mundiuze za kutamidwa? Kuchoka pano?"

"Kubala ya pakona. Osati mowa, mowa sankamwa. Kuseri kwake amakazinga nkhumba."

Atatuluka, Amayi anayenda mothamanga moti Nesi ankachita kuwathamangira. "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ankanena okha. "Ine ndili pakhonde kupalasa makina ngati chitsiru, ndikuuza makasitomala kuti amuna anga ndi omvera. Msewu wonse ukudziwa. Msewu wonse ukundipatsa moni m'mawa, pakamwa pali mafuta."

"Alamu, zakwana," anatero Azakhali kumbuyo. "Dzuwa lakula. Kubala n'kolowa anthu ngati ife? Tiyeni tidzere uku, tibwerere."

Amayi sanacheuke.

Bala ya pakona masana inali ya mdima, yonunkha mowa wadzulo. Pakhoma TV inkaonetsa mpira popanda mawu, ndipo bambo wina anali atagona mutu uli patebulo. Kuchokera kuseri kunkabwera fungo la nkhumba ndi phokoso la mafuta akuthetheka. Wogulitsa mowa, wamtali, wa thaulo paphewa, anayang'ana Amayi ndi Nesi mosawadziwa. Kenako anayang'ana kupyola mapewa awo, pakhomo pamene Azakhali anaima atatembenukira kumsewu, ndipo nkhope yake inamasuka.

"Asisi, mwatitaya," anatero. "Pepani ndi zovutazi, tinamva. Achimwene anu aja anali munthu. Loweruka lija ndinakusungirani nthiti zanu zamafuta zija, inu ndi iwo, osadziwa kuti zinthu zavuta."

Azakhali sanatembenuke. Khosi lawo lokha ndi limene linafupika.

Amayi anayenda pang'onopang'ono mpaka kukaima patsogolo pawo.

"Nthiti zanu," anatero.

"Ankandiitana yekha," anatero Azakhali. "Ndikabwera kudzacheza ankati, 'Mlongo, ndiperekeze.' Ndikanakana bwanji?"

"Munkabwera kunyumba kwanga. Munkadya masamba anga owiritsa mukukwinya mphuno. Kenako munkatuluka naye kudzamudyetsa nkhumba, n'kubwerera kudzandifunsa kuti, 'Alamu, wodwala wathu akupeza bwanji?' Ndipo lero, pamaso pa ana anga, pamaso pa abale anga, mwatsegula pakamwa panu pomwepo n'kunena kuti ndinamupha ndi njala."

"Ine bambo ndinkawayeza magazi Lamulungu lililonse," anatero Nesi. "Nambala osatsika. Ndinakakangana ndi adokotala kuntchito kuti mankhwala awo sakugwira, mpaka anandiona ngati wamwano. Azakhali, inu munalipo tsiku limene ndinalira kukhitchini. Munandisisita pamsana."

Azakhali anafufuza pokhala, n'kukhala pa kireti yopanda mabotolo imene inali pakhomo. Anavula nsapato imodzi n'kugwira phazi, ndipo linali lotupadi.

"Tinakula awiri," anatero. "Inu munamupeza atavala tayi. Ine ndikumudziwa akunyambita mapoto a eni ake, kumene mayi athu ankatsuka mbale. Ankanditengera makoko m'thumba la kabudula. Ndiye munthu ameneyo, wa imvi, akandiyang'ana n'kunena kuti, 'Kanthiti kamodzi kokha, mlongo,' ine ndikanatani?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Chigwereni pageti paja sindikugona. Ndikapanda kunena kuti ndi inu, alamu, ndiye kuti ndi ine."

Wogulitsa mowa anali atapeza galasi loti alipukute, ndipo ankalipukuta mwakhama.

Amayi anawayang'ana Azakhali kwa nthawi. Chisoni chinayesa kubwera, koma chinapeza malo onse atadzaza.

"Mawu amenewa mukawanene pabalaza," anatero. "Pamene munanenera enawo, anthu omwewo asanakwere mabasi. Nesi, aperekeze azakhali ako. Ayende pang'onopang'ono, mapazi atupa."

"Nanga inu, mayi?"

"Ndikubwera. Njira ndikuidziwa tsopano."

Anatsala okha m'kamsewu kaja. Anadutsa mayi wokazinga nsomba amene anawaweramira, ndi mnyamata wa tchipisi amene anatsitsa wailesi atawaona. Sanafunsenso. Ankangoona pankhope kuti uyunso, uyunso. Ankafuna bambowo atadzuka, atakhala pampando wawo uja, kuti awafunse bwinobwino, mawu amodziamodzi, kuti kodi pamene ankathokoza chakudya chamasana ankathokoza chiyani. Munthu kufa n'kusiya mnzako ndi mkwiyo wopanda poutula, chimenecho Amayi anachiona kuti ndi chinyengo choposa zonse.

Kumapeto kwa kamsewuko, pamene kankakumana ndi msewu wa kwawo, kunali wowotcha nyama, bambo wa zipsera za moto m'mikono. Pawaya wake panali mapiko a nkhuku, makosi ndi nthutumba, ndipo ankakupiza makala ndi katoni.

"Mayi a telala," anaitana mwaulemu.

Amayi anaima. "Inunso?"

"Inenso, mayi. Pano ndi pamene ankamalizira."

"Nenani. Ankadya chiyani? Ndamva kale zambiri, simundidabwitsa."

"Pano sankadya," anatero wowotcha nyama. "Pofika pano ankakhala atakhuta, akupuma ndi pakamwa. Ankagula nthutumba. Ankasankha okha ndi foloko, imodziimodzi, kuti ndiziwotche mpaka zipse m'mbali, tsabola pang'ono, ndimu wambiri. Ankati ndi za mayi kunyumba. Ankati muli mtsikana munkazikonda kuposa nyama ina iliyonse, moti tsiku limene anakufunsirani munawayankha pakamwa pali nthutumba. Ndiye munazisiya chifukwa cha iwo."

Amayi anagwira mtengo wa shedi.

"Ine sindinalandirepo nthutumba."

"Ndikudziwa. Ndinkaona ndili pano." Analoza ndi katoni ija kumtunda, pakona ya msewu, pamene wosoka nsapato anakhala pansi pa mtengo. "Ankanyamula kaphukusi n'kundiuza kuti, 'Lero ndikamuuza zonse, tikadyere limodzi.' Ankayenda mwamphamvu ndithu, ndodo ikugunda pansi. Akafika pakona paja ankaima. Kuima, kuima, akuyang'ana kwanu. Kenako ankapatsa wa nsapato uja, kupukuta zala ndi mpango chimodzichimodzi, kukonza chipewa, n'kumapita. Mawa lake ankabweranso. 'Dzulo zinavuta, anali wotopa. Lero ndiye lero.'"

"Wamantha," anatero Amayi. "Munthu wamantha ngati ameneyo sindinamuone. Kuopa ine? Ndinali ndi nyanga?"

Wowotcha nyama anatenga foloko n'kuyamba kusankha pawaya, zopsa m'mbali zokhazokha. Anawaza tsabola pang'ono, kufinyira ndimu, kukulunga m'pepala, n'kupereka ndi manja awiri. Amayi anafuna kukana, koma kaphukusiko kanali kale m'manja mwawo, kakutentha.

Anakwera kamtunda kaja mpaka pakona. Kuchokera pamenepo geti yawo inkaoneka yonse, ndi khonde, ndi makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu. Anali asanaionepo nyumba yawo kuchokera pamalo amenewo. Inali pafupi kwambiri moti munthu akanatha kuitana osakweza mawu.

Wosoka nsapato, bambo wa masaya odzaza bwino, anakweza mutu. Ataona kaphukusi ka pepala lonyowa ndi mafuta, dzanja lake linanyamuka lokha mwachizolowezi. Kenako anaona nkhope ya amene wanyamula, ndipo analibweza msanga n'kulibisa pansi pa nsapato imene ankasoka.

"Izi ndi zanga," anatero Amayi. "Zakhala zili zanga nthawi yonseyi."

Anamasula pepalalo ali chiimire pomwepo, namfedwa wa nsalu yakuda pakona ya msewu, anthu akudutsa. Anatenga nthutumba imodzi n'kuiluma. Mchere unawabaya lilime, tsabola anawatulutsa misozi, ndipo sanaipukute. Anatafuna pang'onopang'ono, nsidze zili zokwinya, maso ali pageti, mpaka m'pepalamo munatsala khoko la ndimu lokha.